Gasiketi ya Che Saidi

Ana anga, mayi anu andikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga, akuti m'malo momangowasokosera nazo pakhonde kuno ku Chelstone. Zaubwana ndazidumpha, mulibe chokoma. Ndiyambira pomwe ndinagwira sipanala koyamba, ndipo ndikathera pa sabata imodzi imene mpaka lero ndikaiganiza mutu umandizungulira.

Chaka choyamba, ku Kamwala

Malume ndiwo ananditengera kwa Che Saidi, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Che Saidi anali akwathu ku Mangochi, anabwera ku Lusaka nthawi imodzi ndi agogo anu, ndipo tinkaswali mzikiti umodzi. Galaja yawo inali kuseri kwa masitolo a nsalu, kashedi ka malata kokhala ndi benchi imodzi basi. Ankakonza njinga zamoto za ku Mangalande, zakuda zolemera zija zimene amesenjala a m'maofesi ankayendera. Aliyense ankawatchula kuti fundi, ndipo ine ndinawatchula choncho mpaka imvi zinandimera.

Tsiku loyamba sanandifunse za sukulu. Analiza njinga imodzi, n'kutsegula thanki ya oyilo.

"Pisa chala, utseke kabowo komwe oyilo akubwererako," anatero.

Ndinapisa, oyilo akuotcha ndithu. Iwo anamasula kanati kena pamwamba pa injini, oyilo n'kutumphuka pomwepo. Ndiye anandifotokozera ulendo wake. Oyilo amachoka m'thanki, pampu imamukankhira m'munsi mwa injini, kenako amabwerera kuthanki. Pobwererapo, wina pang'ono amapatuka ndi kapaipi kakang'ono n'kukwera pamwamba, kukanyowetsa timikono tachitsulo totsegula ndi kutseka mavalavu, timene amakaniko timati maroka. Akatha pamenepo amatsika ndi kabowo kake, kubwerera pansi. "Ukaona oyilo watulukira panja, usathamangire kumata," anatero fundi. "Yamba wadziwa kumene amafuna kupita."

Chinanso chimene ndinaphunzira chaka chimenecho sanandiuze ndi pakamwa. Tsiku lina ndinamasula chivundikiro chimene iwo anali atamanga, ndikungofuna kuona m'kati. Abale, masiku atatu osandiyankhula! Moni wokha ndiye ankayankha. Malume ndiwo anandimasulira: pakati pa mafundi akwathu, wophunzira samasula chimene mphunzitsi wake wamanga, pokhapokha mwiniwake atamutuma. Kumasula ndiko kunena kuti ukuwakayikira. Ndinapepesa, ndipo lamulo limenelo linandilowa m'magazi.

Zaka zakusowa

Inu mwakula masitolo ali odzaza, simungamvetse. Inafika nthawi yoti zitsulo zatsopano sizinkapezeka, ngakhale uzungulire tauni yonse wapansi. Chimene chinkativuta kwambiri ndi magasiketi, timapepala tolimba tomwe timakhala pakati pa zitsulo ziwiri kuti oyilo asatuluke. Che Saidi ankadula okha. Ankatenga katoni wa mafayilo akale a m'maofesi, n'kumugoneka pa chitsulo, n'kumagogoda m'mbalimbali ndi kahamala ka mutu wobulungira, go go go, mpaka katoniyo atadukira yekha motsata chitsulo. Pa bowo lililonse ankagogoda kawiri kokha, kachidutswa n'kugwa. Anthu ankachokera ku Matero kudzangodulitsa gasiketi. Ine ndinaphunzira, koma dzanja langa linali lolemera, m'mbali mwa gasiketi yanga munkatsala timanyanyu.

Nditakwatira mayi anu ndinachoka, fundi atandidalitsa. Ndinagwira pa kampani ina ya malole ku Emmasdale, kumene bwana wake ankatiyeza manja madzulo: wa manja oyera ndiye kuti wakhala chabe. Ena ankadzipaka girisi dala pofika nthawi yoweruka. Kenako ananditumiza ku nthambi yawo ya kuno ku Chelstone, kwa bwana wina wabwino mtima koma woiwala, amene anandikweza udindo kawiri pa udindo womwewo. Za amenewa ndingalembe buku lina.

Ku Woodlands, patapita zaka zambiri

Ndili pafupi kupuma ndinalembedwa ukapitawo pa galaja ya a Chanda ku Woodlands. A Chanda anali munthu wa tauni, woyankhula mofulumira, wosakonda kubwereza mawu. Sanali woipa, koma ankaopa kwambiri makasitomala a m'mipanda italiitali.

Lachisanu lina ndinakumana ndi Che Saidi pa mzikiti. Kashedi kawo kanali katagwetsedwa, pamalopo pali sitolo ya zitsulo zomangira. Njinga za ku Mangalande zinali zitatha m'misewu, ndipo ankangokhala kwa mwana wawo wamkazi ku Kabwata. Manja awo ankangoyendayenda pa mawondo ngati akufuna chogwira. Zinandipweteka. Ndinapempha a Chanda kuti awatenge, ndikuti pali anthu olemera amene akusunga njinga zakale za makolo awo ndipo palibe wina wozidziwa. Anavomera, ndipo zinayendadi kwa zaka ziwiri.

Koma maso a fundi anali atayamba kuchita nkhungu. Sanauze munthu, nafenso sitinanene. Nati ikagwa pansi ankaifufuza ndi phazi. Gasiketi ankadulabe, koma tsopano ankayamba ayendetsa chala chachikulu pa chitsulo kuti amve pamene pali mabowo. A Chanda ankaziona zonsezi, ankangodikira chifukwa.

Chifukwacho chinabwera ndi njinga ya Mayi Tembo a ku Kabulonga. Inali ya malemu bambo awo, itakhala m'chipinda zaka zosawerengeka, ndipo ankafuna kuti mchimwene wawo aziyendera. Che Saidi anaikonza pamwamba ponse, inalira bwino, n'kupita. Patatha masiku atatu inabwerera pa lole, oyilo ali chuchuchu m'mbali mwa injini, ikutulutsa utsi wabuluu. Mayiwo sanakalipe. Anangotionetsa chithunzi cha pakhonde pawo pali chibanga chakuda, n'kunena kuti anamva zoti kuno kuli katswiri.

Lolemba

A Chanda anandiitanira mu ofesi, chitseko chili chotsegula.

"Ba Amidu, mvelani. Mudala wanu uja sapenya, tonse tiziba. Manje njinga iyi muigwile imwe. Mukapeza ati ni mudala analakwisa, aenda ku nyumba. Nakamba."

Che Saidi anamva, chifukwa benchi yawo inali pafupi. Sanatukule mutu. Anapatsidwa ntchito yotsuka mapulagi, munthu amene anaphunzitsa theka la amakaniko a ku Kamwala.

Ine mtima unali m'malere. Ndinkafuna kuti vuto lipezeke, koma lipezeke kwina kulikonse kusiyapo m'manja mwa fundi. Ndinatsuka injini yonse ndi palafini, n'kuiumitsa, n'kuwaza ufa woyera pamwamba pake kuti dontho loyamba lionekere. Nditailiza, ufa unada pa kachivundikiro ka mbali ya ekizozi. Ndinati basi, ndi kawashala katha. Ndinasintha, n'kulizanso. Pamenepo panauma, koma oyilo anatulukira kumapeto kwa kamtengo kachitsulo komwe maroka amazungulirapo. Ndinamanga pamenepo. Anabwerera pa chivundikiro paja. Ha! Tsiku linatha ndikungothamangitsana ndi dontho.

Lachiwiri

Ndinapala chivundikiro pa sandipepa woyala pa galasi mpaka chinasalala. Chinadonthabe. Ndinaganiza kuti mwina mpweya ukupanikizana m'munsi mwa injini n'kumakankhira oyilo panja, ndiye ndinauzira m'kapaipi kopumira, koma kanali koyera. Ndinayang'ana m'thanki, oyilo akubwerera bwinobwino, kutanthauza kuti pampu inalibe mlandu. Ndinathira oyilo wolimbirapo. Anangochedwa pang'ono, kenako n'kutuluka monga kale. Nanga utsi wabuluu uja unkachokera kuti, pisitoni ndi mphete zake zili zatsopano? Ndinakanda pamutu mpaka tsitsi linadzaza girisi.

Kunena zoona, ana anga, makaniko aliyense wachilendo akanamasula bokosi la maroka tsiku loyamba lomwe, mabawuti ake ndi ochepa. Ine ndinkalizungulira ngati nyumba ya apongozi. Bokosi limenelo anamanga ndi fundi, gasiketi yake anadula ndi fundi, ndipo fundi anali chapomwepo akutsuka mapulagi. Iwonso sanandiuze kuti masula. Mwina ankadikira kuti ndipemphe, mwina ankaopa. Ine ndinkadikira kuti anditume. Amuna awiri aimvi, kungoyang'anana pambali.

Kunyumba mayi anu anandifunsa chomwe chandidya. Nditawafotokozera anati, "Nanga osangowafunsa bwanji?" Ndinawayankha kuti sangazimvetse za ntchito. Pano ndikuona kuti amene sankamvetsa ndi ine.

Lachitatu

Tsiku limeneli ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Ndinadziuza kuti pamwamba pakufika oyilo wochuluka kwambiri. Ndinatenga pulayala n'kufinya kapaipi kokweza oyilo kaja, pang'ono chabe. Kudontha kunachepa. Ndinafinyanso. Kunasiyiratu, utsi nawo n'kutha! Ufa unakhala woyera kuti mbee. A Chanda anabwera, anayendetsa chala pa injini, n'kumwetulira.

"Mwaona ka, ba Amidu. Manje vuto inali chani?"

Ndinati ndikadaonabe. Ndinaisiya ikulira kuti itenthe. Patapita kanthawi, mawu a pamwamba anayamba kusintha, kuchoka pa kunong'ona kwa zitsulo zonyowa n'kufika pa tse tse tse wouma. Ine ndinamva koma ndinadzigonthetsa. Che Saidi, ali kubenchi kwawo, osatembenuka n'komwe, anati:

"Amidu, njinga imeneyo ili ndi ludzu."

Ndinamasula kanati ka pamwamba, monga anandionetsera ndili mnyamata. Panalibe ngakhale dontho. Ndinapisa chala m'thanki kutseka kabowo, n'kungotuluka timadontho tiwiri. Ndinazimitsa msanga thukuta lili kamukamu, chifukwa maroka akanapsa, ndipo ena sitikanawapeza m'dziko muno. Ndinakhala pansi pa tayala nditagwira njakata. Ndikatsegula njira, oyilo akusefukira. Ndikatseka, zitsulo zikuuma. Pakati pake panalibe. Zaka zonse zija za ntchito zinakhala ngati sindinaphunzire kanthu.

Lachinayi

Ndinaika kapaipi kena kabwino m'mawa, n'kuiliza pang'ono, oyilo n'kuyambanso kutuluka. Apa m'pamene ndinadzifunsa funso limene ndinkalithawa: oyilo ameneyu akukwera bwino, nanga akutsika? Yankho linali m'bokosi.

Ndinadikira mpaka masana, fundi atapita kukaswali kuseri kwa galaja, kumene ankayala mkeka wawo. Ngati wakuba, ndinamasula mabawuti. Nditatukula bokosi, mbali ya ekizozi inali yodzaza oyilo ngati kapu, valavu itamira. N'chifukwa chake ankatulukira paliponse, ndipo wina ankatsetsereka ndi valavu kukapsa m'kati n'kukhala utsi. Gasiketi inali yokongola, yodulidwa mosalala ngati ya kufakitale. Mabowo a mabawuti onse analipo. Koma kabowo kotsitsira oyilo panalibe.

Ndinayang'ana pa chitsulo. Kabowoko kanali katadzaza zomatira zakalekale, zouma gwa, zofanana msinkhu ndi chitsulo. Chala sichikanamva kanthu pamenepo. Koma munthu wa maso akanaona kadontho kakuda kobulungira, koonekeratu pa chitsulo choyera. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo pa ntchito. Fundi sanalakwitse chifukwa chosadziwa. Analakwitsa chifukwa chimene a Chanda ankanena chija.

Ndinali ndi nthawi yochepa asanabwerere. Ndiuze a Chanda zoona, nkhalamba ipite kukakhala manja lende ku Kabwata? Ndiuze fundi yekha, ndiwaonetse kuti ndamasula ntchito yawo ndipo maso awo atha? Kapena ndikhale chete? Sindinganame kuti ndinaganiza mwanzeru. Ndinangopezeka ndikutokosa kabowo ndi waya, ndikudula gasiketi ina ndi hamala yanga, n'kuboola pamalo pake. Yakale ija ndinaipinda n'kuiika m'thumba la ovolosi. Pamene fundi ankabwera akupinda mkeka, bokosi linali litamangidwa.

Njinga inalira ngati yatsopano. Pa kanati oyilo akubwera, panja pouma, utsi palibe. A Chanda anafunsanso vuto. Ndinawaonetsa kapaipi kamene ndinafinya ndekha kaja, n'kunena kuti kanali kowonongeka kuyambira kale, kankatumiza oyilo mosalongosoka, ndipo ntchito ya fundi inalibe banga. A Chanda sankadziwa zambiri za njinga. Anagwedeza mutu.

"Chabwino. Mudala ankale."

Ndinanama, ine munthu woswali kasanu. Koma madzulo amenewo ndinadya bwino koyamba m'sabata yonse.

Lachisanu

M'mawa, lole isanabwere kudzatenga njinga, Che Saidi anaimirira n'kupita pomwe inali. Anaisisita pa thanki, kenako chala chawo chachikulu chinatsika n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa bokosi la maroka, pamene gasiketi imasuzumira panja pang'ono. Chinayenda, chinaima, chinabwerera. Ine ndili chiimire ndi sipanala.

"Amidu, bwera kuno."

Ndinapita.

"Timanyanyu iti ndi ta dzanja lako. Yanga ili kuti?"

Ndinayamba kunena za kapaipi. Anangotambasula dzanja. Ndinaitulutsa m'thumba, chifukwa ndinali ndisanaitaye, sindikudziwa chifukwa chake. Anaifunyulula n'kuiyendera ndi zala, akuwerenga mabowo chamumtima. Anawerenga kawiri.

"Kotsitsira," anatero motsitsa mawu.

"Kanali katamatika, fundi. Aliyense akanaphonya."

"Iwe unakaona?"

Ndinangoyang'ana sipanala imene inali m'manja mwanga.

"Unakaona," anatero. "Ndipo unamasula ine ndili pa swala."

Ndinawapepesa, ndikuti ndaphwanya mwambo. Anapukusa mutu.

"Za kumasulazo zisiye, unachedwa nazo n'kuchedwa. Masiku anayi ukuzunza njinga ya eni ake. Koma utapeza, bwanji osandiitana? Zaka zonse zija ukalakwitsa ndinkakuonetsa pamaso, chifukwa ndinkadziwa kuti mawa uchita bwino. Iwe wandibisira ngati mmene amabisira wodwala amene sachira."

Ndinkaganiza kuti ndawapulumutsa, ndipo mpaka nthawi imeneyo ndinkayembekezera kuti mwina andithokoza. Iwo anatenga gasiketi ija n'kulowa nayo mu ofesi. Anaiika pa tebulo la a Chanda n'kufotokoza zonse, osachotsa kanthu, kupatula bodza langa limene anati linali ulemu wa mwana. A Chanda, amene sabata yonse ankafuna chifukwa, anachita manyazi.

"Iyayi mudala, nkalani chabe. Ba Amidu azayamba kuchekinga nchito yanu mukaisiliza."

"Ndi zimenezo sindikufuna," anatero fundi.

Anakulunga kahamala kawo m'kansalu, anatsanzika aliyense ndi dzanja, ndipo tinapitira limodzi ku swala ya Lachisanu. Lolemba benchi yawo inali yopanda munthu.

Zaka ziwiri zotsatira, ku Kabwata

Ndinkapita kukawaona mwezi ndi mwezi. Ankandilandira bwino, mwana wawo n'kutipangira tiyi, tikucheza za kumudzi ndi za anthu amene atisiya. Koma ndikangoyamba za injini ankasintha nkhani. Ngakhale nditabwera ndi vuto lenileni, lofuna nzeru zawo, ankati, "Iwe ndiwe kapitawo, udziwa chochita."

Ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi mbali zonse. Ndikanauza a Chanda, akanachotsedwa. Ndikanauza iwo, akanadzichotsa okha. Nditabisa, anachokabe. Nanga njira yabwino inali iti? Mayi anu amati ndinachita za chikondi. Shehe wathu nditamufunsa anati bodza ndi bodza. Onse awiri ndimawamvera, ndipo mutu suima.

Ulendo womaliza ndinawapeza atagona pamkeka, maso atayereratu. Ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinkandidya.

"Fundi, ndikanakuitanani Lachinayi lija, n'kukuonetsani kabowo, mukanakhala pa ntchito?"



"Ayi," anatero. "Kuchoka ndikanachoka ndithu. Koma ndikanachoka ndili fundi wako."